Pulinta yakale ya 3D ya resin: kit ya mono, kugula yatsopano, kapena kuikonza ndi tizinthu ting'onoting'ono?

Mwezi wa June chaka chatha ndinadzuka cha m'ma 5 koloko kukaona ntchito yomwe ndinasiya ikusindikiza usiku pa pulinta yanga ya 3D, makina opanga zinthu ndi resin, mankhwala amadzimadzi omwe amauma akaombedwa ndi kuwala kwa UV, tizidole tiwiri toika pamwamba pa keke ya ukwati, mkwati ndi mkwatibwi, oda ya mayi ena ophika makeke ku Katoto. Kutsegula chivindikiro kuja, pa puleti yomwe zinthu zimamatirapo pangolendewera ma support okhaokha, timitengo tochirikiza chinthu posindikiza, ngati mizu ya chinangwa chozulidwa, tizidoleto tatsalira pansi, pa FEP, ka pulasitiki koonekera ka pansi pa vat yomwe ndi beseni la resin, titaphwatalala ngati chigumu chomatirira mu poto. Kunja kuli chifunga chathu chija cha kuno ku Mzuzu choti nyumba ya aneba sukuiona, ndipo resin mu vat nditaigwedeza inkayenda mwaulesi ngati uchi. Kanali kachitatu sabata imodzi. Ukwati Loweruka, apa ndi Lachinayi.

Tsiku limenelo ndinangoti basi makinawa akalamba, ndiwasinthe zam'kati kapena ndigule ena. Nde poti ndadutsamo miyezi yambiri, ndalama ina ndaiika pabwino ina pachabe, ndati ndiyerekeze njira zake kuti anzanga amene muli ndi ma pulinta a m'badwo umenewu musayambire pomwe ndinayambira ine. Ndikunena aja a sikirini ya 5.5 inch ya RGB, monga Anycubic Photon yoyamba ya 2018, Elegoo Mars ya 2019, Mars Pro ndi abale awo. Yanga ndi ya m'badwo womwewo, ndinaigula kwa munthu atagwiritsapo kale ntchito. Njira zilipo zitatu, kuchotsa sikirini ndi bodi n'kuika kit ya mono, kaphukusi ka sikirini yopanda mitundu ndi bodi yake yoyendetsa makina, kugula pulinta yatsopano ya mono, kapena kuisiya momwe ilili n'kukonza zoizungulira, kutentha, magetsi, FEP, ma setting. Ine ndinatenga yachitatu, mnzanga wina wa ku Luwinga anatenga yoyamba, mlamu wanga ku Lilongwe anagula yatsopano ya 4K, nde zonse zitatu ndaziona ndi maso angawa.

Kaye timvane chomwe chimachedwetsa makina akalewa. Pansi pali ma LED otulutsa kuwala kwa UV kwa 405nm, pamwamba pake sikirini yomwe ntchito yake ndi kutseka ndi kutsegula njira ya kuwalako molingana ndi chithunzi cha leya iliyonse, poti chinthu chimamangidwa m'magawo opyapyala otchedwa ma leya, kenako FEP, kenako resin. Sikirini ya RGB ndi mtundu womwe uja wa m'mafoni, ili ndi tisefa ta mitundu itatu, kufiira, kubiriwira ndi buluu, ndipo tisefa timeneti timameza kuwala kochuluka kusanafike pa resin. N'chifukwa chake leya imodzi ya 0.05mm imafuna masekondi 6 mpaka 10 kuti iume, ndipo kuwala komezedwako ndi kutentha kwake n'zomwe zimaipha sikiriniyo pang'onopang'ono, ambiri amaiwerengera maola 400 kapena 500 basi. Ya mono ilibe tisefa timeneti, kuwala kumadutsa kochuluka, leya yomweyo masekondi 2 kapena 3 yauma, ndipo opanga ake amati imafika maola 2000.

Tiyambe ndi kit ya mono poti ndi yomwe aliyense amailakalaka. Ukamva kuti masekondi 8 atsika kufika pa 2.5 mutu umangoti liwiro lawonjezeka katatu. Ayi akuluakulu, tiwerenge bwino. Chinthu chotalika 50mm pa leya ya 0.05mm ndi ma leya 1000. Pa leya iliyonse kupatula kuwalitsa kuja, puleti imayenera kukwera kuti chinthucho chimatuke pa FEP, kutsikanso, n'kudikira pang'ono resin ikhazikike, ndipo zimenezi pa ma setting wamba zimadya masekondi 7 kapena kuposerapo, kaya sikirini ndi yanji. Nde RGB ndi 8 kuphatikiza 7, masekondi 15 pa leya, ma leya 1000 ndi maola 4 ndi mphindi 10. Mono ndi 2.5 kuphatikiza 7, masekondi 9.5, maola 2 ndi mphindi 40 pafupifupi. Mwapulumutsa ola ndi theka. Ndi zambiri ndithu, sindikuchepetsa, koma si katatu.

Mnzanga wa ku Luwinga uja atamaliza kuika kit yake ndinanyamula yanga pa kabaza titaikulunga m'bulangete, tinakaziika pa tebulo limodzi, botolo la resin limodzi, chidole chimodzi cha 50mm. Yake inamaliza ife tikudya nsima, yanga inatidikiritsa mpaka dzuwa kupendeka. Titatsuka ndi kuumitsa zonse ziwiri n'kuzipopera primer yotuwa, tinawapatsa akazi ake kuti aloze chomwe chachokera mu yokonzedwayo, anazitembenuza pa windo kangapo, nkhope, zala, mapindo a diresi, sanathe kusiyanitsa. Ndipo si zodabwitsa. Sikirini yakale ili ndi ma pixel 2560 ndi 1440 pa 5.5 inch, pixel imodzi ndi ma micron 47. Ya mono ya 2K ili ndi 2560 ndi 1620 pa 6.08 inch, pixel imodzi ma micron 50 kapena 51. Kunena zoona yakaleyo ndiye ili ndi timadontho tating'ono kuposa yatsopano. Nde amene mukufuna kit poganiza kuti zinthu zizituluka zosalala kwambiri, pamenepo simupindula kanthu, kit imagula nthawi ndi moyo wa sikirini basi.

Komanso si yongozula n'kulowetsa ngati flash. Sikirini ya mono sigwira pa bodi yakale mwachisawawa, n'chifukwa chake ma kit ngati omwe ChiTu Systems inatulutsa, kampani ya ku Shenzhen yomwe bodi zake zili m'ma pulinta ambiri a mtundu umenewu, amabwera ndi bodi yake. Pali ka waya kafulati kopyapyala kochoka pa sikirini kupita pa bodi, kakapindika moipa kamodzi basi zatha. Sikirini ya 6.08 ndi yaikulu kuposa malo a 5.5, nde musanalipire funsani wogulitsa ngati chitsulo chokhalapo sikiriniyo chikubwera mu kit yomweyo kapena mukuyenera kupala nokha. Muonenso dzina lenileni la pulinta yanu, Photon ndi Photon S m'kati si zofanana, olo mtundu wa fayilo ndi wosiyana, ina .photon ina .pws. Mukamaliza mumayambiranso ma setting onse, profile yatsopano mu Chitubox kapena Lychee, mapulogalamu odula chithunzi kukhala ma leya, komanso exposure, masekondi owalitsa leya aja, kuyesa kuyambira pachiyambi. Ndipo ngati kit sinabwere nazo, vat ndi puleti zimakhala zakale zomwe zija, ma LED akale omwe aja, nde malo owonjezera a sikirini yaikuluyo simuwagwiritsa ntchito kwenikweni. Mnzangayo ndi wa zamagetsi, amakonza ma TV ndi ma amp, zinamutengera Loweruka lathunthu. Ngati simunatsegulepo olo wailesi, pezani munthu wamanja ofewa.

Ubwino wa kit womwe sindingautsutse ndi wa katundu. Ndi kaphukusi kopepuka, munthu wochokera ku Dar es Salaam kapena Johannesburg akhoza kukaika m'chikwama chapamanja, pomwe pulinta yathunthu ndi katoni ya makilo 5 kupita m'mwamba.

Tsopano yatsopano. Mono yotchipa inayamba kufala cha mu 2020, Elegoo Mars 2 Pro ndi Anycubic Photon Mono, zonse 6.08 inch 2K. Mu 2021 kunabwera Mars 3, 6.6 inch 4K, pixel ya ma micron 35, malo osindikizira 143 ndi 89 ndi 175mm, pomwe Photon yoyamba ili ndi 115 ndi 65 ndi 155mm. Za mu 2023 ngati Mars 4 zinafika pa 9K, ma micron 18. Apa ndiye kusiyana kumaoneka, osati pa liwiro lokha. Ya mlamu wanga ya 4K ndinaiona pa Khirisimasi, pa puleti imodzi amaika ma key holder ochuluka kuposa omwe ine ndimaika, ndipo poti pulinta ya resin imaumitsa leya yonse nthawi imodzi, kaya pali chinthu chimodzi kaya khumi nthawi ndi yomweyo, nde puleti yaikulu ndi ndalama zenizeni kwa amene mumagulitsa. Tizilembo tating'ono pa ma key holder ake timawerengeka bwino kuposa tanga. Kuwonjezera apo chilichonse ndi chatsopano, ma LED owala mofanana pakati ndi m'mbali, Z yolimba, njira ija yokwerera ndi kutsikira puleti, mota, feni, ndipo sikirini yake ikafa ina imapezeka mosavuta, pomwe za RGB za 5.5 zija zikunka zisowa chaka ndi chaka.

Vuto tonse tikulidziwa, dola. Chichokereni November 2023 pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, chilichonse choitanitsa kunja chimapweteka, kupeza forex pa khadi ndi nkhondo ina, kenako mtengo wonyamulira, kenako msonkho wa MRA. Nde ine malamulo anga ndi awa, tengani mtengo wa kit mpaka kufika m'manja mwanu kuno ku Mzuzu, mutengenso wa pulinta yaing'ono ya mono mpaka kufika m'manja mwanu, ngati kit ikupitirira theka, isiyeni, sungani ndalamayo muonjezere. Chifukwa mukagula yatsopano mumakhala ndi makina awiri ogwira ntchito, mukaika kit mumakhalabe ndi amodzi, okalamba m'miyendo. Ndipo musathamangire 9K kapena 10K ngati laputopu yanu ndi yakale, ma fayilo ake ndi olemera, slicing, kudula ma leya kuja, imachedwa, ndipo pa zinthu zomwe ambirife timagulitsa, ma key holder, zidole za pa keke, timatrofi, tinyumba ta ana a sukulu ojambula mapulani, 4K ndi yokwana kwabasi.

Koma tibwerere ku m'mawa wa June uja, chifukwa apa ndi pomwe pagona nkhani yanga. Tizidole tija sitinagwe chifukwa cha sikirini. Tinagwa ndi kuzizira. Nditagula ka thermometer n'kukaika pambali pa makina, m'bandakucha m'chipindamo munkafika madigiri 11, pomwe mabotolo ambiri a resin amalemba kuti igwiritsidwe ntchito pa madigiri 20 kupita m'mwamba, ndipo imakoma kwambiri cha pa 25 mpaka 30. Resin yozizira imalimba, puleti ikakwera siibwerera msanga pansi pake, imakoka FEP mwamphamvu, komanso imachedwa kuuma, nde masekondi 8 omwe amakwana mu October mu June sakwana, nsonga za ma support zimaduka, chinthu n'kutsalira pansi. Mzuzu tili pamtunda, mamita oposa 1200, anzathu a ku Nkhata Bay kapena Karonga vuto limeneli saliona kwenikweni, iwo nkhawa yawo ndi feni kuti sikirini isatenthe. Ndipo mvetsani, mnzanga wa kit ya mono uja July itafika naye zinamugwera chimodzimodzi. Mono sichiza kuzizira.

Njira zotenthetsera ndayesa zitatu. Yotchipitsitsa ndi kuviika botolo la resin lotseka bwino m'madzi ofunda, osati owira, mphindi 10 kapena 15, kuligwedeza, kuthira n'kuyamba nthawi yomweyo. Imathandiza pa ma leya oyamba, ndipo pa ntchito ya maola awiri masana ndi yokwana, koma ya usiku wonse resin imazizira pakati panjira, mawa mumapeza mzere pa chinthucho pomwe kutentha kunasinthira. Yachiwiri ndi kuwonjezera exposure, ine ndinkachoka pa 8 kupita pa 10, ndi kuonjezera light-off delay, kanthawi kodikira kuwala kusanayake, kuti resin ipeze mpata wobwerera. Imagwira ntchito koma nthawi imatalika ndipo timabowo tating'ono timatsekeka. Yachitatu ndiye inathetsa nkhani, bokosi. Ndinakhometsa bokosi la plywood kwa kalipentala, m'kati ndinamata styrofoam ya m'makatoni a ma TV, n'kuikamo ka hita kakang'ono ka PTC kokhala ndi feni, kolumikizidwa ku thermostat ya STC-1000, yomwe ija anthu amaika m'ma incubator a mazira. Amene mumaweta nkhuku mukuidziwa kale. Ndimaiika pa 27, ndimayatsa mphindi 30 ndisanayambe kuti puleti ndi vat nazo zifunde, basi. Chiyambireni pamenepo mwezi wa July wonse zinandigwera ntchito ziwiri zokha, ndipo zonse ziwiri linali vuto la ma support omwe ndinaika ochepa.

Chonde abale, mbaula ayi. Ndamva ena akuti amaika mbaula pafupi kuti chipinda chifunde, pomwe pa tebulo lomwelo pali IPA kapena sipiriti yotsukira, zimenezo zimayaka ndi nthunzi yokha. Babu wowala m'kati mwa chivindikiro nayenso ayi, kuwala kukamagwa pa resin kwa maola ambiri kumayamba kuiumitsa pamwamba. Komanso resin ikafunda fungo limachuluka, bokosilo likhale m'chipinda chomwe simugonamo, ana asalowemo, windo lotsegula pang'ono, ndipo magolovesi a nitrile nthawi zonse, khungu likayamba kudana ndi resin silibwereranso.

Chachiwiri chomwe chimatipha kuno ndi magetsi. Ma pulinta akalewa magetsi akazima sapitiriza pomwe analekera, maola 5 a ntchito ndi resin yake zapita. Ndinayamba ndi ka UPS ka pa kompyuta ka 650VA, m'kati mwake muli batire ya 12V 7Ah, pa pulinta yodya mawati 40 mpaka 60 imakupatsani nthawi yosakwana ola. Yothandiza pa kuphethira kwa magetsi kokha. Kenako ndinapita pa batire ya 100Ah ndi inveta. Masamu ake ndi osavuta, 12V kuchulukitsa ndi 100Ah ndi 1200Wh, ya lead-acid mumagwiritsa theka kuti isafe msanga, 600Wh, nde pulinta yokha imayenda maola 8 kapena kuposa. Hita ikakhalanso pompo maola amenewo amatsika, n'chifukwa chake styrofoam ija ndi yofunika, bokosi likamasunga kutentha hita imayaka mwa apo ndi apo. Ine ndikamasindikiza ndimaika pulinta pa inveta kuyambira pachiyambi, osadikira kuti azime ndisinthe, chifukwa sekondi imodzi yosinthira ija ndi yokwana kuizimitsa. Ena poona kuti adaputa yalembedwa 12V amafuna kuilumikiza molunjika ku batire ya sola, samalani, batire ikamachajidwa imakwera kudutsa 14V, popanda regulator pakati bodi ikhoza kupsa.

Apa ndivomereze kuti mono ili ndi mfundo yamphamvu kwa ife. Ntchito ya maola 2 ndi mphindi 40 imalowa mu mpata womwe magetsi alipo kusiyana ndi ya maola 4, ndipo imadya batire yochepa. Ngati mulibe inveta ndipo simukuganiza zogula, liwiro la mono ndi chitetezo pachokha.

FEP tsopano. Anthu amagwiritsa imodzi mpaka itachita mbuu ngati pepala la shuga, kenako n'kumati makina akalamba. Yakale imamatirira, imabalalitsa kuwala, ndipo tsiku lina imabooka. Yanga inabooka chifukwa ndinayamba ntchito ina ndisanasefe resin pambuyo pa yolephera, kachidutswa kouma kanatsala mu vat, puleti potsika inakakanikizira pa FEP, resin n'kudontha pa sikirini n'kuumirapo. Ndinakhala madzulo onse ndi thonje lonyowa sipiriti ndi ka pulasitiki kopalira, ndikuchotsa pang'onopang'ono mtima uli m'mwamba. Kuyambira tsiku limenelo ntchito ikalephera ndimasefa resin yonse, ndipo pa sikirini ndinamatapo screen protector. Imeneyo kaya RGB kaya mono ikani, ndi yotchipa kuposa china chilichonse pano, mungokumbuka kuchitanso level, kulinganiza puleti ndi sikirini, mukamata.

Pa mitundu ya ka pulasitiki kameneka, FEP wamba, nFEP yomwe enanso amaitcha PFA, ndi ACF, pa makina akale ine ndili ku nFEP. Imamatuka mofewa kuposa wamba, kaphokoso kaja ka "thwa" pokwera puleti kamachepa, ma support opyapyala amapirira, ndipo imakhalitsa. Ikamamatuka mosavuta mukhozanso kukweza lift speed, liwiro lokwerera puleti, pang'onopang'ono, masekondi 7 aja n'kutsika, ndipo sekondi imodzi yokha pa ma leya 1000 ndi mphindi pafupifupi 17, zaulere. ACF inapangidwira ma pulinta othamanga atsopanowa, ndi yokhuthala, yosaonekera bwino, imafuna kuwala kowonjezera ndipo imafufutitsa pang'ono tizinthu tating'ono, pa RGB yomwe kuwala n'kochepa kale sindikuona phindu lake. Pomanga musakoke ngati ng'oma ya gule, ikani chotsekera cha botolo pansi pake pomanga fulemu kuti itsale ndi kufewa pang'ono, ma screw muzimanga modumphadumpha ngati tayala la galimoto.

Zina zotsalazi ndidutsa mwachangu. Flex plate ya maginito, ija mumangoipinda zinthu n'kugwa zokha, ndi yokoma kwa amene mumasindikiza tinthu tafulati tambiri tomatirira pa puleti, koma siwonjezera liwiro kapena kusalala, ndipo imawonjezera kukhuthala kwa puleti ndi mamilimita 2 kapena 3, nde mukapanda kutalikitsa ka chitsulo kolowa mu sensa ya Z, pa home, potsikira poyambira paja, puleti imakakanikiza sikirini mpaka kuiswa. Guluu wa maginito ake amafunanso masiku atatu asanakhudze resin. Ine ndinagula, ndimaigwiritsa pa ma key holder okha, ndikanadziwa ndalamayo ndikanagula nFEP ina. Ngati vuto lanu ndi loti zinthu sizikumatirira pa puleti, yambani ndi level ya pepala, yoika pepala pakati pa puleti ndi sikirini, mwachifatse, kenako palani puleti pang'ono ndi sandpaper yoyalidwa pa galasi lafulati, muonjezere bottom exposure, masekondi a ma leya oyamba.

Kusintha Z kuika linear rail ya MGN12, kanjanji kachitsulo koyendamo mkono wa puleti, chitani pokhapokha mukuona mizere yobwerezabwereza m'mbali mwa zinthu zazitali, ndipo gwirani mkono wa puleti muugwedeze, ngati ukusewera. Ma Photon oyamba anthu ambiri ankawachita zimenezi. Koma musanaitanitse kanthu tsukani lead screw, chitsulo chamazinga chokweza puleti, pakani girisi watsopano, mangani ma screw onse, nthawi zambiri mizere imathera pompo. Ma LED chimodzimodzi. Akale aja okhala pakati ndi chowalitsira chonga fanelo amawala kwambiri pakati kuposa m'makona, a matrix ngati omwe anabwera mu Mars Pro amawala mofanana. Yesani posindikiza kachinthu kamodzi pakati ndi m'makona anayi, ngati a m'makona akutuluka ofooka mwadziwa. Koma ukafika pogula kit ya mono, rail, ndi ma LED, wagula pulinta yatsopano m'zidutswa pa mtengo wokwera, ine pamenepo sindikulangizani.

Ndipo ziwiri zosadula zomwe anthu amazinyoza. Flash yotchipa ya m'mbali mwa msewu imaimitsa ntchito pakati kapena kudumphitsa ma leya, pezani yeniyeni, yaing'ono, FAT32, ya pulinta yokha osaikamo nyimbo. Kenako exposure test, kusindikiza tinthu toyesera monga Cones of Calibration kapena validation matrix, nthawi iliyonse mukasintha botolo la resin, FEP kapena nyengo ikasintha. Ine ndili ndi kope lomwe ndimalembamo tsiku, madigiri, resin ndi masekondi, ndipo yanga nditayesa m'bokosi lofunda ndinapeza kuti 7 ndi yokwana pa resin yotuwa yomwe ndinkaipatsa 8 chaka chonse. Pulogalamu ya UVtools ndi yaulere, imakuonetsani tizilumba, tizigawo tolendewera topanda support, musanataye resin, yomwe kuno kuipeza ndi kovuta poti ndi yamadzi, onyamula pa ndege ambiri amaikana.

Nde pa zitatuzi ndaima pati. Ngati ntchito zanu zikugwa, makamaka kuyambira May mpaka August, musakhudze sikirini, yambani ndi bokosi lofunda, nFEP, level ndi batire, chifukwa zimenezi mudzazifunabe olo mutagula yatsopano mawa, palibe ndalama yotayika pamenepo. Ngati ntchito zikutuluka bwino koma ma oda akukuchulukirani, ndipo sikirini yanu yayamba madontho akuda, muli ndi manja a zamagetsi komanso munthu wokubweretserani kaphukusi kopepuka, kit ya mono ndi yomveka. Kupanda apo sungani za yatsopano ya 4K.

Ine ndikusunga. Sikirini yangayi yayamba kadontho pa kona ya kumanzere, pa screen test kamaoneka ngati nyerere, panopa ndimangopewa kuikapo chinthu pamenepo. Ikadzafa kit sindigula, ndidzafuna RGB imodzi yomaliza ngati idzapezeke kuti makinawa azidzapanga ma key holder usiku, yatsopanoyo izidzagwira za maukwati. Bokosi lija ndinauza kalipentala alipange lalikulupo dala kuti Mars 3 kapena ina ya msinkhu umenewo idzalowemo. Mayi a makeke aja tizidole tawo anatilandira Lachisanu madzulo, tinatuluka masana nditafunditsa botolo m'madzi n'kuphimba makina ndi bulangete, ndipo mwezi uno atumizanso oda ya tina tinayi.